Kodi dayalisisi ya pamimba imakhala mpaka liti?

FUNSO: Amuna anga akhala akuchita dayalisisi ya pamimba (kusefa magazi kudzera m'mimba) kunyumba kwa zaka 4 chifukwa impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Masiku ano madzi otuluka achepa, miyendo ikutupa, ndipo adokotala ayamba kunena zowasamutsira ku makina osefa magazi. Kodi talakwitsa penapake? Mayi wa ku Chilenje, Lusaka.

YANKHO: Mayi, n'kutheka kuti simunalakwitse chilichonse. Pa njira imeneyi chosefa magazi ndi kachikopa kopyapyala kokuta matumbo, ndipo chimene chimakoka madzi m'thupi ndi shuga wa m'madzi amene amathiridwa m'mimba kudzera pa kachubu kuchokera m'matumba aja a malita 2 amene mumasintha kanayi patsiku. Zaka zikamapita, shuga yemweyo amakhuthalitsa kachikopako, mkodzo umene impso zinkatulutsabe nawonso umachepa, choncho madzi amatsalira m'thupi. Komabe adokotala ayambe aona zinthu zosavuta kukonza, monga kudzimbidwa, kachubu kosuntha pamalo pake, kapena mchere wochuluka m'ndiwo.

Chimene chimafulumizitsa kuwonongekaku ndi tizilombo tolowa m'mimba kudzera pa kachubu. Thumba la madzi otuluka muziliika pamwamba pa nyuzipepala. Ngati zilembo sizikuwerengeka chifukwa madziwo ndi a mbuu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula thumbalo, ngakhale m'mimba musanayambe kupweteka. Mankhwala opha tizilombo amathiridwa m'matumba momwemo kwa milungu 2 kapena 3, koma ngati oyambitsa ndi mafangasi, kachubuko kamachotsedwa. Kuno kumene mipope imauma mosayembekezereka, kusunga madzi aukhondo osambira m'manja n'kofunika ngati mankhwala enieniwo, ndipo mazenera azitsekedwa posintha matumba, makamaka nyengo ya fumbi.

Ena amanenepa, ena shuga amawakwera, ena matumbo amatukumukira pamchombo chifukwa cha kulemera kwa madzi. Lilipo vuto lina losoweka, limene limaoneka makamaka mwa amene apitirira zaka 5, pamene kachikopako kamauma n'kufinya matumbo. Kusanza kosatha ndi kuwonda n'zimene zimalidziwitsa.

Kwa ine, kupita ku makina si kugonja, pakuti ambiri amene amayambira pamimba amafika pamenepo. Makina amafuna maulendo atatu pamlungu, pafupifupi maola 4 ulendo uliwonse, m'zipatala monga University Teaching Hospital. Msempha wa pamkono wolumikizira makinawo umatenga milungu 6 kapena kuposerapo kuti ukhwime ukachitidwa opaleshoni, choncho funsani za opaleshoniyo pa ulendo wotsatira, pamimba pakadagwirabe ntchito.