Mphaka si msampha, mayi a ku Bembeke

Mayi ena a ku Bembeke alemba kuti makoswe awatopetsa. Aboola matumba a chimanga, alowa mu mbewu ya kachewere, ndipo anansi awo akugawa ana a mphaka ulere. Akufunsa ngati atengeko kamodzi, poti pabwalo pali anapiye komanso mpongozi wawo ndi woyembekezera.

Mayi, mawu akuti ulere ndi amene amanamiza anthu. Ambiri amatenga mphaka ngati akugula msampha ku Lizulu: kumuika pakona, kumusiya azidziwonera yekha. Kenaka pamabwera nzeru ija yoti mukamumana chakudya ndiye agwira makoswe ambiri. Bodza limenelo. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, ndi chibadwa chake. Wanjala amafuna chosavuta, ndipo chosavuta pakhomo panu ndi mwanapiye, kapena mbale ya ndiwo yomwe mwasiya yosavundikira. Mawa lake mumva kuti mphakayu ndi wakuba, ena ayambitse za ufiti, pomwe nyamayo yangogona ndi njala.

Nsima yokha siyimukwanira. Galu amatha kupirira nayo, koma thupi la mphaka limafuna zakudya za nyama ndi nsomba, apo ayi maso ndi mtima zimawonongeka pang'onopang'ono. Usipa kapena bonya wodzaza dzanja limodzi patsiku, wowiritsa, wosakaniza ndi nsima pang'ono, kumugawira m'mawa ndi madzulo. Kamwana kazidya kanayi patsiku. Ndiwo zothira anyezi kapena adyo ayi, zimawononga magazi ake. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Madzi oyera ndi okwanira.

Ndipo musakatenge kasanakwane masabata 8. Anthu amathamangira kukachotsa kwa mayi wake kakadali ka masabata anayi, kuopa kuti ena awatsogolera. Ndi kuzizira kwa kuno mu June ndi July, kotere kangafe usiku umodzi. Kapatseni katoni yokhala ndi nsanza, pafupi ndi potentha, ndipo masabata awiri oyamba kasatuluke m'nyumba kuti kazolowere. Beseni lakale lothira mchenga likhale chimbudzi chake.

Zimene zimapha amphaka pakhomo

Choyamba ndi ife eni. Mphaka akafooka wina amamuphwanyira Panado. Ngakhale kachidutswa ka piritsi kangamuphe, chifukwa chiwindi chake sichitha kugaya mankhwalawo. Mankhwala ophera nthata ndi nkhupakupa a agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amamunjenjemeretsa mpaka kukomoka. Ena mwa mankhwala a ufa othira m'chimanga poteteza ku anankafumbwe alinso ndi permethrin yemweyo, choncho werengani pabotolo, ndipo asamagone pamatumba othiridwa kumene, poti amadzinyambita ubweya. Nanga tameki? Ngati mumatchera makoswe ndi poizoni, sankhani chimodzi: mphaka kapena poizoni. Khoswe wodya poizoni amayenda mozandima, mphaka amamugwira mosavuta, onse awiri n'kufa.

Chiwewe ndiye sindinyengerera. Mubayitseni katemera ali ndi miyezi itatu, kenaka chaka ndi chaka. Funsani alangizi a ziweto a dera lanu tsiku lobaya. Anthu amakokera agalu okha kukatemera, mphaka n'kutsala, chonsecho naye amapatsira. Akaluma kapena kukanda munthu mpaka magazi, tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenderera kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mphakayo akakula, muzimupatsa mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse.

Funsaninso chifukwa chake anansi anuwo akugawa ulere. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi isanu yokha, bere limatenga masabata 9, amaswa ana atatu mpaka asanu, kawiri kapena katatu pachaka. Chaka chamawa ogawa mudzakhala inu. Wamwamuna kumuthena n'kosavuta kwa dokotala wa ziweto, ndipo amachepetsa kuyendayenda ndi kukodzera makoma. Wamkazi amafunika opaleshoni. Bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe limachita zimenezi. Musalole munthu wa lumo ndi mphira kuyesera pakhomo.

Za apongozi: ndowe za mphaka zimatha kukhala ndi tizilombo toopsa kwa mwana wosabadwa. Iwo asagwire mchenga uja, wina azitaya tsiku lililonse n'kusamba m'manja. Anapiye akhale m'chitete kapena m'khola mpaka atakulako.

Ndiye mutenge? Ngati mungakwanitse usipa wa tsiku ndi tsiku kwa zaka 12 kapena kuposa, tengani, wamwamuna. Koma kamwanako sikalimbana ndi khoswe wamkulu kasanakwane miyezi 6, ndiye chaka chino kwezani matumba pathandala, atalikirane ndi khoma, mutseke mauna ndi simenti, mutchere misampha.