Za kansalu koyanikapo mbale

Asisi, mwafunsa kuti kansalu koyikapo mbale zikatsukidwa musokere chani. Ine ndinangotenga tawulo lokhuthala la pa kaunjika, pamwamba nkuyika chitenje cha kotoni cha ku msika wa Taifa. Chitenjecho muchichape kaye chifukwa chimafupika komanso china chimasuluka. Dulani zonse 45cm kwa 60cm, muphatikize, sokani kuzungulira nkusiya kampata kotembenuzira, mukatembenuza mudutsenso mizere itatu pakati kuti tawulo lisamakwinyike, osayiwala kachingwe kokolekera pa msomali. Za nayiloni ayi ndithu, sizimwa madzi. Koma musoke tiwiri, ndi mvula ya kuno ku Mzuzuyi kamodzi sikauma msanga, kanga koyamba kanachita kununkha chinyontho mpaka ndinakasandutsa chokolopera.