Kodi chipatala cha kumudzi chimatseka usiku?

Funso: Ndimakhala kumudzi m'boma la Blantyre. Mwezi watha mwana wanga anatentha thupi mpaka kukomoka pakati pa usiku, ndipo titafika kuchipatala cha kwathu tinapeza mlonda yekha. Anapita kukadzutsa adokotala kunyumba kwawo, ife tikudikira pakhonde mumdima. Mwana anachira, koma ndikufunsa: kodi zipatala zing'onozing'ono siziyenera kuthandiza anthu usana ndi usiku? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, pepani chifukwa cha nkhawa ya usiku umenewo, ndipo tikuthokoza kuti mwana ali bwino. Munachita bwino kunyamuka osadikira kuti kuche, pakuti mwana wotentha thupi akakomoka, kawirikawiri amakhala ndi malungo aakulu omwe amatha kupha m'maola ochepa.

Chipatala chaching'ono chimatseka mzere wa odwala wamba madzulo, koma wodwala mwakayakaya ndi mayi woyembekezera amene matenda ayamba ayenera kuthandizidwa nthawi iliyonse. Vuto lili pa kuchepa kwa anthu ogwira ntchito. M'zipatala zambiri za kumudzi, amene timawatchula kuti adokotala ndi medical assistant mmodzi kapena awiri, pamodzi ndi anamwino ochepa omwenso ndi azamba. Munthu amene waona odwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo sangakhalenso maso usiku wonse tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake amakagona kunyumba, mlonda n'kumakamudzutsa pakabwera wodwala. Dongosolo limeneli limayenda ngati nyumba yake ili pafupi ndi chipatala. Akamachita lendi kutali chifukwa chosowa nyumba za ogwira ntchito, mphindi zodikira zija zimasanduka maola. Ife tikuona kuti nyumba ya namwino ndi yofunika ngati chipinda chochiritsira, ngakhale kuti pokambirana za chitukuko anthu amakonda kuyamba ndi mpanda.

Mdima umene munaupeza si nkhani yaing'ono ayi. Magetsi a ESCOM akazima pamalo opanda sola, mzamba amabereketsa ndi tochi ya foni, makina a mpweya wa okosijeni amaima, ndipo firiji yosungira katemera ndi oxytocin, mankhwala oletsa kutaya magazi mayi akachira, imatentha.

Dziwaninso kuti chipatala chaching'ono sichichita opaleshoni kapena kuika magazi. Ntchito yake usiku ndi kupereka thandizo loyamba, monga jakisoni wa artesunate kwa mwana wa malungo aakulu kapena dilipi kwa wotsekula m'mimba, kenako kuitana ambulansi. Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu cha boma lakelake monga chilili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, choncho odwala ambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwe kumalandiranso odwala a m'maboma ena a chigawo cha kummwera. A kumbali ya Lunzu ali ndi chipatala cha Mlambe, chomwe chili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu. Ambulansi imodzi imatumikira zipatala zingapo, ndipo mafuta akasowa kapena mvula ikadula msewu, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, ulendo umatalika. Ichi n'chifukwa chake amayi oyembekezera okhala kutali amalangizidwa kukadikirira kuchipatala masiku akayandikira.

Chimene mungachite panopa ndi kukatula nkhaniyi ku komiti yoona za chipatala chanu, kudzera kwa amfumu kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Mufunse kuti wogwira ntchito usiku amagona kuti, ndiponso mupemphe kuti dzina lake lizilembedwa pakhomo la chipatala. Ngati yankho silikukhutiritsani, madandaulo amapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre. Pofuna malangizo, nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni ndi 54747 pa Airtel, koma mwana akakomoka, akamapuma mobanika kapena akakana kuyamwa, muziimba muli kale panjira.