Ndigule buku la mitengo kapena ndigule machubu?

Funso la sabata ino lachokera kwa amayi ena a ku Katete, ndalifupikitsa pang'ono. Akuti: "Ndalandira K4,000 ya chilimba (ndalama zosonkherana pagulu n'kumalandira mosinthana), ndili ndi dimba loti madzi saphwa ngakhale mu Okutobala, ndiye ndifuna kuyamba nazale ya mitengo yogulitsa, yazipatso ndi yachilengedwe yomwe. Mwana wanga wa ku Lusaka akuti ndiyambe ndagula buku lalikulu la mitengo kuti ndisamangoyendera zakumva. Buku labwino ndi liti, nanga sikutaya ndalama kumeneku?"

Amayi, mwana wanuyo sanalakwe ayi. Nazale si ngati kuoda tomato ku Saturday Market ya ku Chipata n'kukagulitsa tsiku lomwelo, ndalama yanu imakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo mukaphonya kafesedwe mumadzazindikira mochedwa, mvula itayamba kale anzanu akugulitsa. Ndiye kudziwa ndi mpamba ndithu. Koma pa K4,000 imeneyo pakufunika machubu, kheni yothirira, mpanda woti mbuzi ndi nkhuku zisalowe, udzu wamthunzi, mpeni wakuthwa womezanitsira (kulumikiza kanthambi ka mtengo wa zipatso zabwino pa tsinde la mbande ina), ndi kandalama kena kosunga pambali. Ine ndinganene kuti za mabuku zisapitirire K400, ndipo mwina simuimaliza n'komwe, chifukwa buku limene ndikufuna muyambe nalo si logula m'sitolo.

Dzina lake ndi Agroforestry Extension Manual for Eastern Zambia, linatuluka mu 1998, analemba ndi Samuel Simute, C.L. Phiri ndi Bo Tengnäs. Taonani dzinalo, likukamba za kwathu konkuno, nthaka yathu, mvula yathu yoyamba mu Novembala n'kutha cha mu Epulo, mitengo imene inu mumaiona mukamapita kumunda, ndipo maina a m'zilankhulo zathu alimo pambali pa maina achizungu ndi asayansi. Likupezeka pa intaneti, muuzeni mwana wanuyo alifune pa foni, kenaka mukapulintitse masamba okhawo a nazale ndi a mitengo imene mukufuna kufesa, osati buku lonse. Muwaike mu pulasitiki chifukwa kudimba manja amakhala amatope. Ndi lachizungu inde, koma chizungu chake ndi cha alangizi, mwana wa giredi 9 atha kukuwerengerani madzulo amodzi.

Lachiwiri ndi Know Your Trees la A.E.G. Storrs, limene a Forest Department anatulutsa ku Ndola mu 1979. Ndi lakale koma mlombwa sunasinthe masamba kuyambira nthawi imeneyo. Ntchito yake ndi yokuthandizani kuzindikira mtengo ndi dzina lake lenileni, ndipo zimenezi pa bizinesi n'zofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Tsiku lina sukulu kapena bungwe lidzabwera ndi pepala lolembedwa Khaya, Faidherbia albida, Uapaca kirkiana, inu muli nayo yonse m'nazale koma mukuidziwa kuti mbawa, msangu ndi masuku, mukapanda kugwirizanitsa mainawo oda ija ipita kwa wina. Bukuli kulipeza latsopano n'kovuta, kafunseni ku ofesi ya zankhalango pa boma ngati ali nalo muwerengereko pomwepo, mukopere maina a mitengo khumi kapena khumi ndi isanu m'kope mwanu basi.

Tsopano buku lalikulu limene mwana wanu akunena, ndikuganiza ndi Trees of Southern Africa la Keith Coates Palgrave, loyamba kutuluka mu 1977. Ndi buku labwino zedi, sindingalinyoze, koma mitengo yake ndi ya kumwera kwa Zambezi, ife tili kumpoto, yambiri timafanana koma si yonse, komanso limakuuzani kuti uwu ndi mtengo wanji, silikhala nanu pansi kukuphunzitsani kudzaza chubu. Ngati mtima ukufunabe buku lazithunzi, loyandikira kwathu ndi Field Guide to the Trees and Shrubs of the Miombo Woodlands la Paul Smith ndi Quentin Allen, la 2004, chifukwa tchire lathu lino ndi miombo yomweyo. Koma awa mudzagule ndi phindu la chaka chachiwiri, osati ndi mpamba.

Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi mabuku a maluwa ndi mitengo ochokera ku England kapena ku America, aja amapezeka pa salaula, zithunzi zokongola mtengo wotsika. Nyengo zawo n'zotembenuka, iwo Juni ndi Julayi ndi nthawi yotentha pamene ife tikuothera moto, ndiye akalemba mwezi wofesera inu musatsate. Ena amakuuzani kuika njere mu firiji milungu ingapo kuti zimere, zimenezo n'za mitengo ya kumene kumagwa chipale, njere ya mango mukaitero mwaipha. Chomwe mungatolemo ndi zithunzi za kadulidwe pomezanitsa, poti mpeni ndi mpeni kulikonse.

Ndikuuzeni chimene ndinaona ndi maso kuti mumvetse chifukwa chake ndikukakamira buku lakwathu. Bambo wina amene ndimamuthandiza za mawerengero a bizinesi yake anatola njere za masuku mu Disembala, thumba lathunthu, anazitsuka bwinobwino n'kuziyanika padzuwa ngati mtedza, kuziika m'chitini, n'kudzafesa mu Ogasiti m'machubu mazanamazana. Anathirira mwezi ndi theka m'mawa ndi madzulo, mkazi wake akusenza madzi. Nditapita kukaona ndinafukula chubu chimodzi ndi chala, njere ija inali gwa, kuiswa m'kati mwauma mwada. Ndinamva chisoni kwambiri chifukwa munthuyo si waulesi. Njere ya masuku siisungika, ikauma yafa, imafuna kufesedwa masiku omwewo mwadya chipatso, ndipo mbande zake zimakula bwino mukasakaniza dothi lotapa pansi pa mtengo wa masuku. Mizere iwiri yokha ya m'buku ikanapulumutsa machubu, madzi ndi miyezi yonse ija.

Mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Njere ya msangu ndi yolimba khungu, muyenera kuipala pang'ono m'mbali ndi chowengera zala kapena kuikhula pamwala kuti madzi alowe, komanso muzu wake umathamangira pansi msanga ndiye machubu ake amaikidwa pathandala kuti muzu usalowe m'nthaka. Gliricidia savuta, amamera ngakhale pabedi popanda chubu. Mbawa njere zake musazigoneke miyezi yambiri.

Pa nkhani ya ndalama, musadzaze nazale yonse ndi gliricidia ndi msangu. Mitengo imeneyi ndi yabwino kunthaka, a kumalo ofufuzira zaulimi ku Msekera, ku Chipata, anaifufuza zaka zambiri pamodzi ndi a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, koma mabungwe ngati COMACO amaphunzitsa alimi kudzifesera okha, ndiye munthu sangakupatseni ndalama yambiri pa chinthu chimene ali nacho kuseri kwa nyumba. Mufese mukapeza oda, mwachitsanzo mlimi wofuna kubzala msangu pa mamita 10 mbali zonse afunika mbande 100 pa hekitala imodzi, ameneyo mugwirizane mtengo ndipo apereke kachikole musanafese. Ndalama yeniyeni ili pa zipatso zomezanitsa, mango a Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, mapeyala a Hass ndi Fuerte, malalanje omezanitsa pa mandimu. Anthu amalipira bwino chifukwa mtengo womezanitsa umabereka msanga, mango pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo chipatso chake chimakhala chomwecho chimene analawa.

Koma kumezanitsa sikuphunzirika ndi maso okha amayi. Pa K400 ija, yotsala mukapulintitsa muigwiritse ntchito ya thiransipoti, mupite kwa alangizi a zaulimi a kampu yanu kapena kwa munthu amene ali kale ndi nazale, mukhale naye tsiku lathunthu, mudule nthambi makumi angapo mpaka dzanja lizolowere. Zoyamba zambiri sizigwira, n'chifukwa chake muyesere pa mbande za mango achikuda zimene njere zake mumangotola ulere nthawi ya mango.

Mugulenso kope lachikuto cholimba, la ana asukulu lomweli. Muzilemba tsiku lofesa, njere zingati, zamera zingati, machubu munagula zingati, waganyu munamulipira zingati. Mukafesa 500 n'kupulumuka 350, ndalama zonse munaononga muzigawe pa 350 osati pa 500, mtengo wogulitsira uchokere pamenepo. Ambiri amagawa pa zimene anafesa n'kumadabwa kuti ndalama ikuthera kuti.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo ogula ambiri amabwera kuyambira pamenepo mpaka mu Januwale nthaka ikanali yonyowa. Mitengo yofulumira ngati msangu ndi gliricidia muifese cha mu Okutobala kuti ikumane ndi mvula. Mango a chaka chino mutole njere, mufese, mudzamezanitse tsinde likafika kukula ngati pensulo, ndipo ndalama yake muiyembekezere nyengo yotsatira, osaiwerengera pa chilimba cha chaka chino.