Kakope ka IBM kolembedwa THINK: zaka zake, mtengo wake ndi kasungidwe kake

Mayi wina wa ku Johannesburg wanditumizira imelo yofunsa za zinthu zimene wapeza m'sutikesi ya malemu amalume ake, omwe anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ina yowerengera ndalama mumzindawo. Muli kakope kakang'ono kokwana m'thumba la shati, ka chikuto chofiirira chooneka ngati chachikopa, ndipo pamwamba pake panadindidwa liwu limodzi lokha lakuti THINK. Mulinso mapepala angapo olembapo makalata okhala ndi chizindikiro cha mizere yopingasa cha IBM, kampani ya ku America ya makompyuta, komanso kamtolo ka makadi olimba odulidwa ngodya imodzi, ena atalembedwa ndi pensulo kumbuyo. Mayiyu akufuna kudziwa ngati zinthuzi ndi zenizeni, zinapangidwa liti, ndiponso ngati n'chanzeru kuzigulitsa, poti wina wamuuza kuti anthu osonkhanitsa zinthu zakale amazifuna.

Pepani, mayi, ndi imfa ya amalume anu. Monga mwafotokozera, kakopeko kakufanana ndithu ndi timakope timene kampani ya IBM inkapereka kwa antchito ake ndi makasitomala ake kwa zaka zambirimbiri, ndipo mbiri ya liwu lili pachikutolo ndi yaitali kuposa dzina la IBM lenilenilo. Liwu lakuti THINK, lomwe tanthauzo lake ndi lakuti ganizani, analiyambitsa ndi Thomas J. Watson mu 1911, pamene anali mkulu wa zamalonda ku kampani ya National Cash Register mumzinda wa Dayton ku Ohio. Mu 1914 anasamukira ku kampani ya Computing-Tabulating-Recording, yomwe mu 1924 inasintha dzina kukhala International Business Machines, ndipo liwu lija anapita nalo. Linaikidwa pa zikwangwani za m'maofesi ndi m'mafakitale, linamasuliridwa m'zinenero zambiri za mayiko kumene kampaniyo inali ndi nthambi, ndipo mu 1935 linakhala dzina la magazini ya kampaniyo. Ku Endicott, m'chigawo cha New York, linalembedwa pa masitepe a nyumba imene ankaphunzitsiramo antchito. Kakope ka m'thumba kanali njira yochititsa kuti liwulo liziyenda ndi munthu kulikonse, kaya ndi wotsatsa malonda amene akulemba zofuna za kasitomala, kaya ndi mmisiri amene akulemba chimene chavuta pa makina.

Chimene chinatchukitsa timakopeti pakati pa anthu a masiku ano ndi chaka cha 1992, pamene IBM inkafuna dzina la makompyuta ake atsopano onyamula m'manja. Wantchito wina wa kampaniyo, Denny Wainwright, ndi amene amatchulidwa kuti anapereka dzina lakuti ThinkPad potengera kakope kangati kanuko. Mu Okutobala chaka chomwecho kunatuluka ThinkPad 700C, kompyuta yakuda ya kabatani kofiira pakati, imene maonekedwe ake anawakonza Richard Sapper. Mu 2005 IBM inagulitsa nthambi yake ya makompyuta otere ku kampani ya Lenovo ya ku China, koma dzina lija lilipobe. Ena mwa amene amagula timakope takaleti ndi anthu okonda ThinkPad omwe amafuna kukhala ndi chinthu chimene dzinalo linachokerako.

Funso la zaka ndi limene likufunika chifatse, chifukwa chikuto chokha sichinena zambiri. Timakopeti tinapangidwa kwa nthawi yaitali popanda kusintha kwenikweni, ndipo mapepala a m'kati akatha munthu ankangolowetsa ena atsopano, kotero kuti chikuto chikhoza kukhala chakale kuposa mapepala amene alimo lero. Umboni wodalirika kwambiri uli pa chizindikiro cha kampani, kulikonse kumene chikuoneka. Kuyambira mu 1924 mpaka mu 1946 IBM inkagwiritsa ntchito chizindikiro chozungulira chooneka ngati dziko lapansi. Mu 1947 kunabwera zilembo zitatu zokha, ndipo mu 1956 katswiri wojambula zizindikiro, Paul Rand, anazikonzanso kuti zikhale zonenepa ndi zolimba, koma zopanda mizere. Mizere inayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960 ili 13, ndipo mu 1972 kunatuluka chizindikiro cha mizere 8 chimene tonse timachidziwa. Choncho tengani pepala limodzi la makalata aja muwerenge mizereyo modekha. Ikakhala 8, pepalalo silinasindikizidwe chaka cha 1972 chisanafike. Ikakhala 13 musafulumire kugamula kuti ndi la m'ma 1960, popeza zizindikiro ziwirizi zinagwira ntchito limodzi kwa kanthawi.

Adiresi yosindikizidwa pa pepala imathandizanso, makamaka kwa inu amene muli ku South Africa. Dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito manambala anayi a positi mu 1973, ndiye adiresi ya ku Johannesburg yokhala ndi manambalawo ndi ya chaka chimenecho kapena pambuyo pake. Komanso mu Okutobala 1986 IBM inalengeza kuti ikuchoka m'dzikolo pa nthawi imene makampani a ku America ankakakamizidwa kusiya kuchita malonda pansi pa ulamuliro wa tsankho; inagulitsa nthambi yake mu 1987 ndipo inabwereranso mu 1994. Mukaphatikiza zimenezi ndi zaka zimene amalume anu anali pa ntchito, nyengo ya mapepalawo imayamba kuoneka bwino. Ngati adiresi ndi ya ku America, dziwani kuti manambala asanu a positi a kumeneko anayamba mu 1963, ndipo likulu la IBM linasamukira ku Armonk, m'chigawo cha New York, mu 1964. Yezaninso pepalalo ndi rula kuti mudziwe ngati ndi la ku America kapena ayi: A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pamene pepala la makalata la ku America ndi 216 ndi 279.

Makadi odulidwa ngodya aja ndi amene ine andikhudza kwambiri m'kalata yanu. Amenewo ndi makadi obowola, a mtundu umene IBM inatulutsa mu 1928, okhala ndi mizere 80 yotsika ndi 12 yopingasa, otalika pafupifupi mamilimita 187 ndi 83 m'lifupi. Makina ankabowola timabowo tatitalitali poimira manambala ndi zilembo, ndipo ngodya yodulidwayo inkathandiza wogwira ntchito kuona msanga khadi limene latembenuzidwa pa mulu. M'maofesi amene munali makina otere, malipiro a antchito ndi ngongole za makasitomala zinkadutsa pa makadi amenewa mpaka pamene anayamba kutha ntchito m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Poti anali olimba ndi opezeka paliponse mu ofesi, antchito ankatenga osabowola n'kumalembapo zokumbutsa, manambala a foni ndi masamu a changu. Zolemba za pensulo zimene mwaziona kumbuyo kwake n'kutheka kuti ndi dzanja la amalume anu ali pakati pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Chonde musazifufute pofuna kuti makadiwo aoneke oyera.

Pa nkhani yogulitsa, maganizo anga ndi akuti musagulitse. Timakopeti ndi makadiwa zinapangidwa zochuluka kwambiri, zinkaperekedwa kwaulere kapena kugwiritsidwa ntchito n'kutayidwa, ndipo chifukwa cha ichi si zinthu zosowa zimene zingabweretse ndalama yosintha moyo wa banja. Wogula amafuna kakope kosalembedwamo ndi chikuto chosakandika, pamene chimene chimachititsa zanuzo kukhala zamtengo kwa inu ndi zolembedwazo, zomwe kwa iye ndi chilema chotsitsira mtengo. Ngati mungafunebe kudziwa mtengo wake, onani pa misika ya pa intaneti monga eBay, koma muziyang'ana ndalama zimene zinthu zofanana nazo zinagulidwa nazodi, osati zimene ogulitsa akupempha. Musatumizenso zithunzi za masamba olembedwa musanawawerenge bwino, chifukwa mu ofesi yowerengera ndalama munkadutsa mayina ndi malipiro a anthu ena amene mabanja awo alipobe.

Kasungidwe kake si kovuta, koma pali zinthu zingapo zimene anthu amachita ndi mtima wabwino n'kuwononga nazo. Musapake polishi, mafuta kapena Vaseline pa chikuto, chifukwa mafutawo amalowerera mpaka pa mapepala ndipo banga lake silichoka. Kupukuta fumbi ndi kansalu kouma kofewa n'kokwanira. Ngati chikuto chayamba kufumbutuka n'kumasiya ufa wofiira m'manja, chikopacho chawonongeka m'kati ndipo palibe mafuta amene angachibwezeretse, choncho chikulungeni ndi pepala loyera n'kuchepetsa kuchigwiragwira. Chotsani mphira yomangira makadi, chifukwa ikakalamba imasungunuka n'kumatirira, ndiponso chotsani mosamala timawaya togwirira mapepala tisanasiye dzimbiri. Musamate pong'ambika ndi selotepi, ndipo musamatitse mapepalawo m'pulasitiki wa makina otentha, popeza zikatero palibenso njira yowabwezera mmene analili.

Zonsezo ziikeni chogoneka m'bokosi loyera lotsekeka bwino, m'chipinda chouma cha m'kati mwa nyumba, kutali ndi dzuwa, ndi khoma lachinyontho, ndi galaja kumene kumatentha masana n'kuzizira usiku. Muzitsegula bokosilo nyengo ya mvula ikatha kuti muone ngati chuku, njenjete kapena mphemvu zalowamo. Jambulani tsamba lililonse ndi khadi lililonse mbali zonse ziwiri, ndipo pa pepala lina lapadera mulembe ndi pensulo dzina la amalume anu, ofesi imene ankagwira ntchito, zaka zake ndi kumene munapeza zinthuzi. Ngati pali achibale kapena anzawo a kuntchito amene akukumbukira makina amene ankagwiritsa ntchito, afunseni tsopano ndipo zimene anene muzilembe pa pepala lomwelo.