Chimbale chotsatira cha U2: kodi zonena za Bono n'zoyenera kuzidalira?

Bambo ena a kwathu kuno, amene akugwira ntchito ku Johannesburg, anditumizira imelo yaitali ndithu, ndipo funso lawo ndilifupikitsa motere. Iwo anayamba kukonda gulu loimba la U2 ali mnyamata, ndipo mu Febuluwale 2011 anali m'khamu limene linadzaza bwalo la FNB pamene gululi linakaimba ku South Africa. Masiku ano akhala akukangana ndi mnzawo wa kuntchito pa nkhani ya chimbale chimene U2 ikukonza. Mnzawoyo akuti chidzakhala cha magitala aphokoso, popeza Bono, woimba wamkulu wa gululi, ananena yekha choncho, koma iwo anamva kuti Brian Eno, wojambula nyimbo amene anagwirapo ntchito ndi gululi kale, wabwereranso mu situdiyo, motero akuyembekezera nyimbo zodekha ndi zachilendo m'makutu. Akufuna kudziwa amene akulondola mwa awiriwa, komanso chimene chikuchedwetsa chimbalecho.

Zikomo kwambiri Bambo chifukwa cha kalata yanu. Nonse awiri simunapeke nkhani. M'chaka cha 2022, pamene Bono ankacheza ndi atolankhani za buku la mbiri ya moyo wake, ananena kuti akufuna chimbale cha magitala chaphokoso, chosanyengerera munthu, ndipo anati chifukwa cha chimenecho nyimbo zina zofatsa zimene zinali pafupi kutha aziika kaye pambali. Chakumapeto kwa 2024 The Edge, amene amaimba gitala, anauza wailesi kuti iye ndi Bono akugwira ntchito ndi Brian Eno pa nyimbo zotengera maimbidwe a makolo a ku Ireland koma zomveka ngati zochokera m'tsogolo. Mnzanuyo wagwira mawu a 2022, inu mwagwira a 2024. Vuto lake n'lakuti pa mbiri yonse ya gululi, zimene oimbawa amanena chimbale chisanatuluke sizimafanana kawirikawiri ndi zimene zimadzamveka chikatuluka.

Taonani zimene zinachitika chisanatuluke How to Dismantle an Atomic Bomb mu 2004. Bono analengeza kuti kukubwera chimbale cha rock cholusa kwambiri, ndipo gululi linajambula nyimbo kwa miyezi yambiri m'chaka cha 2003 ndi Chris Thomas, wojambula nyimbo amene anagwirapo ntchito ndi gulu laphokoso la Sex Pistols. Bono ndi The Edge ankaona kuti ntchito yatha, koma Adam Clayton wa gitala ya besi ndi Larry Mullen Jr. wa ng'oma anakana kuti chitulutsidwe, ponena kuti nyimbozo sizinapse. Anaitana Steve Lillywhite, yemwe anawajambulira chimbale chawo choyamba cha Boy mu 1980, n'kuyambiranso. Chimene chinatuluka chinali ndi nyimbo zingapo zaphokoso, makamaka yoyambirira imene inamveka pa wailesi paliponse, koma mbali yaikulu inali nyimbo zapakatikati ndi zachisoni, kuphatikizapo imene Bono anaimbira malemu bambo ake. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri ndipo chinapata mphoto za Grammy, koma sichinali chilombo chimene anthu analonjezedwa.

Nkhani ya Songs of Ascent ndi yoposa pamenepo. Dzina limeneli analitchula mu 2009, ponena kuti ndi chimbale chodekha chimene chitsatire posachedwa chimbale chawo cha No Line on the Horizon. Papita zaka zoposa 15 ndipo sichinatuluke, ngakhale kuti dzinalo limabwerabe pakamwa pa Bono nthawi ndi nthawi. Sindikunena kuti mkuluyu amanama dala. Ndimaona kuti ndi munthu amene amalankhula za nyimbo imene yamusangalatsa sabata imeneyo ngati kuti ndi chimbale chonse, ndipo amaiwala kuti m'gululi muli anthu anayi, awiri mwa iwo osakonda zolankhula pagulu koma okhala ndi mphamvu yokana.

Tsopano tibwere kumbali yanu, Bambo, chifukwa dzina la Eno ndi lolemera kuposa lonjezo la magitala, ndipo m'pomveka kuti lakusangalatsani. Nthawi ziwiri zimene U2 inasintha maimbidwe ake kotheratu, Eno ndi wojambula mnzake Daniel Lanois analipo. Koyamba munali mu 1984, pamene gululi, litatchuka ndi nyimbo zolimba za m'chimbale cha War, linapita kukajambula The Unforgettable Fire m'nyumba yakale ya Slane Castle ku Ireland, ndipo linatulukako ndi mamvekedwe otambasuka amene anadzabala chimbale cha The Joshua Tree mu 1987. Kachiwiri munali mu 1990, pamene anapita ku situdiyo ya Hansa ku Berlin, dziko la Germany litangogwirizananso. Kumeneko gululi linatsala pang'ono kutha, chifukwa Bono ndi The Edge ankafuna kulowetsa mamvekedwe a makina ndi nyimbo zovinira, pamene Clayton ndi Mullen sankaona chifukwa chotayira maimbidwe amene anawatchukitsa. Ntchito ya Eno pa chimbale chimenecho, Achtung Baby cha 1991, inali yobwera kwa masiku ochepa, kumvetsera, n'kufufuta chilichonse chimene chinkamveka kwambiri ngati U2 yakale. Kwa ine chimbale chimenechi ndicho chabwino koposa zonse zimene anapanga, ndipo ndikudziwa kuti otsatira gululi ambiri amaganiza chimodzimodzi.

Koma Eno analiponso mu 2007, pamene gululi linakhala m'nyumba ina mumzinda wa Fez ku Morocco n'kumapeka nyimbo pabwalo lapakati pa nyumbayo. Ulendo umenewo Eno ndi Lanois anawerengedwa ngati olemba nawo nyimbo, ndipo onse amene ankatsatira nkhaniyi ankayembekezera chinthu chachilendo chofanana ndi cha ku Berlin. Pofika 2009, pamene No Line on the Horizon chinatuluka, oimbawa anali atachita mantha kuti mulibe nyimbo yoti wailesi ingaikonde, ndipo pakati pa chimbalecho anaikapo nyimbo zopepuka zimene sizinagwirizane ndi zinzake. Nyimbo imene anatsogoza pa wailesi sinachite bwino, ndipo chimbalecho sichinagulidwe ngati ziwiri za m'mbuyo mwake. Ndicho chimbale chimene ankayenda nacho pa ulendo umene inu munawaona ku FNB, ndipo mwina mukukumbukira kuti pofika 2011 nyimbo zake zinali zitachepa pa ndandanda ya zimene ankaimba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anafuna ulemu wa chimbale chozama ndi kutchuka kwa pa wailesi nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zinawapulumuka.

Pamenepa ndi pamene pagona yankho langa. Funso lenileni lokhudza chimbale chikubwerachi si lakuti magitala kapena Eno. Funso n'lakuti kodi gululi lasiya kufunafuna nyimbo yoti ilamulire pa wailesi. Chizolowezi chimenechi chinayamba chitatuluka chimbale cha Pop mu 1997. Nthawi imeneyo anali atakonzeratu masiku a ulendo wa PopMart chimbale chisanathe, anachimaliza mothamanga, ndipo ku America anthu sanachilandire bwino. Chilonda chimenecho sichinapole. Mu 2000 anabwerera ku maimbidwe odziwika ndi All That You Can't Leave Behind, anthu anawalandiranso ndi manja awiri, ndipo phunziro limene anatolapo linali lakuti kuyesa zachilendo n'koopsa koma nyimbo zosalala zimalipira. Kuyambira pamenepo chimbale chilichonse chakhala chikudutsa m'manja mwa ojambula ambiri. Mu 2006 anajambula nyimbo ndi Rick Rubin, koma zambiri mwa izo anaziika pambali. Pa Songs of Innocence anayamba ndi Danger Mouse, kenako anawonjezera Paul Epworth ndi Ryan Tedder, anthu odziwa kupanga nyimbo zogulitsa za oimba achinyamata. Pa Songs of Experience cha mu Disembala 2017, mayina a ojambula anaposa asanu. Nyimbo ikapalidwa ndi manja ambiri chotero, imatuluka yosalala koma yopanda makwinya amene amapangitsa munthu kuikumbukira.

Njala yofuna kumvedwa ndi aliyense ndi imenenso inawagwetsera m'manyazi mu Sepitembala 2014, pamene kampani ya Apple inaika Songs of Innocence mwaulere m'maakaunti a iTunes a anthu pafupifupi 500 miliyoni popanda kuwafunsa. Ambiri anakwiya, kampaniyo inachita kukonza njira yochotsera chimbalecho, ndipo Bono anapepesa. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti m'chimbale chimenecho muli nyimbo zabwino zokamba za ubwana wawo ku Dublin, koma lero anthu amangokumbukira mmene chinalowera m'mafoni awo.

Pa funso lanu la kuchedwa, chifukwa chachikulu ndi thupi la Larry Mullen Jr. Iye ndi amene anayambitsa gululi mu 1976, pamene anapachika kapepala kofuna anzake oimba nawo pa bolodi ya sukulu ya Mount Temple ku Dublin, ali ndi zaka 14. Zaka zoposa 40 zomenya ng'oma zinamuvulaza, ndipo anafunika opaleshoni. N'chifukwa chake pa makonsati 40 amene U2 inachita m'bwalo la Sphere mumzinda wa Las Vegas, kuyambira mu Sepitembala 2023 mpaka mu Malichi 2024, pa ng'oma panakhala Bram van den Berg wa ku Netherlands. Konsati ingatheke ndi wogwirizira, popeza nyimbo zake n'zodziwika kale, koma kupeka nyimbo zatsopano ndi nkhani ina, chifukwa U2 sizolowera kuti munthu mmodzi alembe nyimbo kunyumba n'kubweretsa yathayitha. Nyimbo zawo zambiri zimabadwa anayiwo akamaimba limodzi kwa maola ambiri mpaka china chake chitatulukira. Chimbale cha magitala aphokoso chimene mnzanu akudikira sichikanatheka woimba ng'oma ali pa mpumulo, ndipo ndikuganiza kuti nyimbo za Eno zija zinayamba ngati ntchito yoti Bono ndi The Edge azichita podikira. Zimene zinatuluka m'zaka zodikirazo zikuchitira umboni: Songs of Surrender cha mu Malichi 2023 chinali nyimbo zakale 40 zoimbidwanso mofatsa, ndipo chakumapeto kwa 2024 anatulutsa nyimbo zotsala za nthawi ya chimbale cha 2004 chija. Anzake anena kuti Mullen anabwerera mu situdiyo, ndipo kwa ine nkhani imeneyi ndi yofunika kuposa malonjezo onse awiri amene mukukanganirana.

Pali chinthu china chimene otsatira gululi sakonda kuchitchula, ndicho msinkhu. Bono ndi Clayton anabadwa mu 1960, The Edge ndi Mullen mu 1961, kotero onse apitirira zaka 60. Mawu a Bono salinso okwera ngati a m'ma 1980, ndipo aliyense amene anamvetsera Songs of Surrender anamva kuti tsopano amakoma kwambiri akamaimba motsika ndi mosakakamiza. Izi sizikutanthauza kuti magulu akale sangapange phokoso. The Rolling Stones anatulutsa Hackney Diamonds mu 2023, Mick Jagger ali ndi zaka 80, ndipo chinali chimbale champhamvu, koma onani kuti anachijambula mofulumira ndi wojambula mmodzi, Andrew Watt. Chitsanzo chimene ndikanakonda kuti U2 itengere ndi cha The Cure, amene anakhala zaka 16 osatulutsa chimbale, kenako mu Novembala 2024 anabwera ndi Songs of a Lost World, cha nyimbo 8 zokha, zazitali, zokamba za ukalamba ndi imfa za abale, popanda kuyesa n'komwe kusangalatsa wailesi. Chinafika pa nambala 1 ku Britain. Anthu amene anakula ndi nyimbo za magulu amenewa nawonso akalamba, aika maliro a makolo awo, ndipo safuna kuti woimba wa zaka zoposa 60 azidziyesa mnyamata.

Mukandifunsa chimene ndikuyembekezera, ndinena mosabisa kuti ndi chimbale chosakaniza. Ndikuganiza kuti padzakhala nyimbo ziwiri kapena zitatu zaphokoso, ndipo imodzi mwa izo adzaitsogoza kuti lonjezo la Bono lioneke ngati lakwaniritsidwa, pamenepo mnzanu adzakuimbirani foni monyadira. M'kati mwake mudzapezeka nyimbo zodekha zokhala ndi fungo la Eno, ndipo inunso mudzapeza poimira. Chimene ndikanafuna ine ndi china: kuti asankhe njira imodzi n'kuitsata mpaka kumapeto, ngakhale itakhala ya nyimbo za makolo a ku Ireland imene ingakhumudwitse okonda magitala. Komabe muyenera kukumbukira kuti mu 1995, pamene anamupatsa Eno ufulu wonse, chimbalecho anachitulutsa ndi dzina lina la Passengers, ndipo Mullen sanabise kuti sanachikonde. Munthu yemweyo akadali ndi voti yake.

Tsiku limene adzalengeze chimbalecho, musathamangire kuwerenga zimene Bono adzauze atolankhani. Yambani mwaona mayina a ojambula. Mukapeza limodzi kapena awiri, ndiye kuti gululi linadzikhulupirira ndipo linamaliza ntchito lisanayambe kukayika. Mukapeza mndandanda wautali wokhala ndi mayina a opanga nyimbo za achinyamata, ndiye kuti zimene zinachitika pambuyo pa Fez zachitikanso. Ngati inu ndi mnzanuyo mwabetcherana, gwirizanani kuti wopambana asadziwike ndi nyimbo yoyamba kutuluka, koma mudikire mpaka mutamva chimbale chonse kawiri, ndipo mudzandilemberenso kuti ndidziwe amene wagulira mnzake chakumwa.