Buleka imateteza waya, achimwene

Kalata yanu ndaiwerenga usiku ndili pakhonde, kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi kutandikaniza tulo. Mukuti mukumanga ndege ya anthu awiri, panelo (bolodi la maswitchi ndi mamita kutsogolo kwa woyendetsa) yachepa malo, ndiye mukufuna buleka iliyonse (kaswitchi kodula magetsi kokha akachuluka, ngati fyuzi) ikhale pafupi ndi chipangizo chake, ya wailesi kuseri kwa wailesi, ya pampu ya mafuta pambali pa pampu. Mtima wanga unangoti phwii, chifukwa nzeru yomweyo inatsala pang'ono kuphetsa mlamu wanga.

Ndine amene ndinamulumikizira nyali zoyalira usipa pa boti lake. Batire kumbuyo, nyali kutsogolo, fyuzi ndinaiika pafupi ndi nyalizo poganiza kuti ndikuteteza nyali. Waya wautali unadutsa pansi pa mipando wopanda choutchinjiriza. Usiku wina mwera utakalipa, boti likumenyana ndi mafunde, chikutiro cha waya chinapekeseka mpaka mawaya awiri anakhudzana. Fyuzi sinapse, chifukwa shoti inachitika moto usanaifike. Waya unafiira ngati khala, chigubu cha petulo chili pompo. Mlamu anauzula pa batire ndi manja ake, ndipo zipsera ali nazo mpaka lero. Nthawi zonse tikamadya limodzi ndimaziona.

Iye anali ndi nyanja yoti adumphiremo. Inu mukakhala m'mwamba mulowera kuti?

Choncho sindinyengerera: buleka ntchito yake ndi kuteteza waya, osati wailesi. Aliyense wokuuzani zina asakhudze ndege yanu. Ngakhale kukula kwake mumayang'ana waya. Malangizo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, a m'buku la AC 43.13-1B amaika buleka ya maampu 5 pa waya wa 22 AWG (AWG ndi muyeso wa kunenepa kwa waya), 7.5 pa 20 AWG, 10 pa 18 AWG. Kuika yaikulu chifukwa yaing'ono ikugwagwa ndi chimodzimodzi kumanga fyuzi ndi kawaya ka kopa, monga timaonera m'magalimoto a pa Mangochi boma.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi chizolowezi chobwezera buleka ikagwa. Mu 1983 m'ndege ya Air Canada 797 mabuleka a mota ya kuchimbudzi anagwa, oyendetsa anayesa kuwabwezera, kenako kunabuka utsi ndi moto, ndipo anthu 23 anafa itatera ku Cincinnati. Buleka ikagwa ikukuuzani kuti penapake pavuta. Dziwaninso kuti mabuleka ambiri amagwa ndi kutentha, ndiye ndege ikakhala padzuwa la kunyanja kuno masana onse, buleka yoikidwa pamalo potentha imatha kugwa msanga. Musaiike mbali ya injini.

Tsono muziike pati?

Pa basi ba penipeni, kachitsulo kamene moto umagawikirapo kupita ku mawaya onse, waya usanayambe ulendo wake. Rile ya masita, switchi yaikulu yolumikiza batire ndi magetsi onse a ndege, ikhale pafupi kwambiri ndi batire kuti waya wopanda chitetezo ukhale waufupi, womangidwa bwino, wosakhuza chitsulo. Buleka ya fiyudi ya alitaneta (moto wodzutsa makina otchaja batire), ya maampu 5 yokoka ndi dzanja, ndi ya pampu ya mafuta zikhale poti mungazifike mutamanga lamba. Zotsalazo, monga nyali za m'kati, ngati malo achepadi, ikani mafyuzi m'kabokosi pa basi ba kuseri kwa panelo, mudzaziona mutatera.